Kalata Imene Ndinafuna Kuilanda

Chaka chimene ndinamaliza giredi 12, kampani ina yogula mtedza ku Chipata inalengeza kuti ikufuna kalaliki. Kalata yofunsira ntchitoyo ndinailembera kwathu ku Chiparamba, ndipo Lolemba m'mawa ndinakaipereka ku ofesi kwawo. Pochoka kumeneko ndinadzera kwa azakhali anga, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinawaonetsa pepala limene ndinayambira kulembapo, ndili ndi chikhulupiriro choti andiyamikira.

Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga. Kenako chala chawo chinaima.

"Mwanawe, kalatayi wapereka kale?"

"Inde, azakhali."

"Apa walemba kuti I wish to apply the post. Apply imafuna for. Popanda for ndiye kuti ntchitoyo ukufuna kuipaka ngati mafuta odzola. Nanga apa, I look forward to hear from you? Pamafunika hearing."

"Komatu kusukulu anatiuza kuti to akatsogola, mneni satenga ing."

"Ma to alipo awiri. Wa to go ndi to eat ndi wina. Uyu wa look forward to amatsatidwa ndi dzina, choncho mneniyo ayenera kuvala ing kuti akhale ngati dzina."

Tiyi amene anandithirira ndinamusiya pomwepo, n'kukwera njinga ya hayala kubwerera ku ofesi kuja kuti ndikailande kalatayo. Mayi wolandira alendo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu.

"Pepani achemwali, makalata onse alowa kale kwa abwana. Yanuyo sindingakaitulutse."

Milungu iwiri yotsatira inali yowawa. Ndikamapalira m'munda ndinkangoona anthu a mu ofesi akupatsirana kalata yanga, akuseka. Foni ikalira mtima unkagunda, ikapanda kulira unkagundabe. Amayi anandifunsa ngati ndikudwala malungo.

Kenako anandiitana kukayesedwa, ndipo ndinapita. Abwanawo anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Kalata yanga inali patebulo, ndipo malo awiri aja anali atawadula mzere ndi bolopeni yofiira. Anaikankhira kwa ine.

"Mukuonapo vuto apa?"

Ndinangotenga bolopeni yawo n'kulemba for pamwamba pa mzere woyamba, ing pa wachiwiri.

"Ndiye munkadziwa?"

"Ayi, bwana. Ndinadziwa nditapereka kale. Ndinabweranso tsiku lomwelo kudzaitenga, koma inali italowa."

Kenako anayamba kundifunsa za masikelo ndi mmene ndingadziwire mtedza wosauma bwino. Zimenezo ndinayankha mosavuta, poti ndinakulira momwemo.

Ananditenga mongondiyesa kwa miyezi itatu. Tsiku loyamba anandipatsa kalata yopita ku Lusaka kuti ndiitaipe pa makina. Inali ya mizere isanu yokha, koma ndinaiwerenga mobwerezabwereza mpaka anzanga anabwerako ku nkhomaliro.