Kunenerera Mbiri pa Belo la Salaula

Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Kapata, ndipo chimene chimandidyetsa ndi pakamwa. Jekete yothothoka m'zigongono ndimaiyamikira mpaka mwini wake woyamba, kulikonse kumene ali, akhoza kuilira. Wogula amadziwa kuti ndikuwonjeza, inenso ndimadziwa kuti akudziwa. Ine ndimayambira kumwamba, iye pansi, tikumana pakati, tisiyana tikuseka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'nyumba mwanga momwe munali munthu wogula pa mtengo woyamba.

Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anali mu giredi sikisi. Masamu ankakhoza, koma buku la mbiri ya dziko likangotsegulidwa, maso ake ankalemera ngati wamwa mankhwala a chimfine. Nditalisanthula bukulo sindinamuimbe mlandu. Munali zaka, mapangano, ndi zithunzi zakuda za anthu osaseka. Katundu wabwino ndithu, koma woyalidwa moipa.

Ndiye tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde, ndinayamba kumukometsera. Ndinamuuza kuti Angoni powoloka Zambezi dzuwa linada mwezi wathunthu, atambala mpaka kuiwala kulira, ndipo ankhondo anawoloka akuponda pamisana ya ng'ona. Ndinatinso malire a dziko lathu ndi Malawi pa Mwami ndi okhotakhota chifukwa mzungu wowalemba ankathamangitsa chipewa chake chitauluka ndi mphepo. Mwana anaseka mpaka mtedza kumutsamwa. Ine ndinadziona ngati mphunzitsi wamkulu.

Zonsezo anakazilemba pa mayeso.

Pepala linabwera lofiira ngati munda wa tomato. Akazi anga anakulira m'nyumba ya aphunzitsi a ku mishoni, kumene ngakhale nthabwala amayamba aichonga. Anandiyalira pepalalo patebulo.

"Bambo ake mwana, ng'ona izi zachokera kuti?"

"M'madzi, mayi. Ng'ona zingachokerenso kuti?"

Sanaseke. Anati akulu awo amene amaphunzitsa ku Katete ali ndi chipinda chopanda munthu, ndipo m'nyumba mwawo mulibe wogulitsa mabodza. Teremu yotsatira pepala likabweranso chomwecho, mwana apita kukakhala kumeneko. Akazi anga sanenerera. Mtengo wawo umakhala umodzi, ngati wa m'sitolo.

Katete si kutali, minibasi zimapita tsiku lililonse. Koma ndikaganiza zofika pakhomo popanda wondithamangira kudzapisa m'thumba mwanga kufuna chitumbuwa, ndinkaona ngati n'kutsidya kwa nyanja.

Ndinamuitana mwanayo kuseri kwa nyumba.

"Iwe, za ng'ona zija unakhulupiriradi?"

"Munanena ndinu, atate."

"Nanga kumsika unaonapo munthu akugula pa mtengo woyamba?"

Sanamve n'komwe chimene ndinkatanthauza. Mwana wa munthu wa salaula wosadziwa kunenerera! Anzanga akanamva, akanandilanda benchi.

Loweruka ndinapita naye kumsika, buku lili m'manja. Ndinamukhazika pa belo losatsegula n'kumuuza malamulo. Ine ndizifotokoza nkhani pa mtengo wanga woyamba, iye azitsitsa. Koma kutsitsa ndi pakamwa pokha ayi, chala chiyambe chaloza m'buku.

"Tayamba. Mdima mwezi wathunthu."

"Tsitsani, atate."

"Poti ndi iwe, kasitomala wanga wakale, tenga sabata."

Anayamba kutembenuza masamba, milomo ikugwedezeka. Zinatenga nthawi, mpaka ndinagulitsa buluku limodzi iye akadafufuza. Kenaka anakuwa ngati watola chinthu pamsewu.

"Bodza! Pano alemba kuti anali kadamsana, tsiku lowolokalo basi!"

"Chabwino, ukundipha, koma tenga. Ng'ona zokha undisiyire ziwiri."

"Ng'ona mulibe muno."

"Ngakhale kamodzi kakang'ono, ka mbasela?"

Mayi wina wogulitsa zitenje pafupi nane, amene takhala tikunyozana zaka zambiri, anali atatchera khutu.

"Usawamvere chisoni, mwanawe. Awa anandigulitsa juzi ati ndi ya ku Italiya, itachapidwa kamodzi inakwana mphaka."

"Aneba, gulitsani zitenje zanu, muno tili m'kalasi."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lathu. Ndinazindikira msanga kuti ndikamawonjeza nthawi zonse, azingokana chilichonse osawerenga, monga amachitira makasitomala ena oti ngakhale uwapatse chaulere amati tsitsani. Ndiye nthawi zina ndinkanena zoona zokhazokha, nkhope ili gwa. Ndinamuuza kuti tauni yathu ino kale inkatchedwa Fort Jameson, ndi kuti dziko lathu, Malawi ndi Zimbabwe azungu anazimanga mtolo umodzi, anthu n'kuukana mpaka unamasuka.

"Atate, apa ndiye mwanyanya. Tsitsani."

"Mtengo womaliza umenewo."

Anafufuza ali ndi mtima woti andigwira, n'kupeza kuti zili momwemo. Anakwiya ngati ndamubera. Tsamba limenelo analiwerenga lonse, ndi lotsatira lomwe, kufuna poti abwezere.

Za chipewa cha mzungu buku linali chete. Ndinayesa kuumirira kuti chimene buku silinakane ndi changa. Iye anakafunsa aphunzitsi ake, n'kubwera ndi yankho lakuti malirewo amatsata mitunda imene imagawa madzi, ena kutsikira kwathu kuno, ena ku Malawi. Chipewa changa chinapita chomwecho. Ndinachidandaula, chinali katundu wabwino.

Kenaka ana a anzanga apamsika anayamba kuunjikana pa belo paja, onse kufuna kugwira mdala akunama. Buku limodzi, zala zambirimbiri. Makasitomala ena ankabwerera poganiza kuti pali mlandu.

Teremu itatha, pepala linabwera. Silinali loyera ayi, tomato analimo ndithu, koma wapatalipatali. Akazi anga analiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo ali chiimire, ine ndikunamizira kupukuta nsapato zoyera kale. Kenaka anakhala pansi pafupi ndi mwana, n'kuloza funso la tsiku la ufulu limene anakhoza.

"Ukudziwa kuti tsiku limenelo agogo ako aamuna analipo pa boma? Mbendera yatsopano itakwera, iwo ndi amene anatsogolera nyimbo, mawu awo anamveka mpaka ku Mwami."

Mwana anapendeketsa mutu.

"Amayi, tsitsani."

Ndinasiya kupukuta nsapato. Akazi anga anandiyang'ana, anayang'ana mwana.

"Chabwino. Anali m'kwaya."

"Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo. Ankanyamula mabenchi."

Akazi anga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Atapuma anati ku Katete mwana wotereyu sangamuthe, akawadwalitsa mutu akulu awo, bola azingovutitsa ife tomwe tinamubala. Ine ndinavomera msangamsanga, osapempha ndi mbasela yomwe.