Dzanja la Zala Zitatu pa Okushoni ya ku Wankie

Ntchito yanga yoyamba ku Wankie sinali ya pansi pamgodi ayi. Dokotala wa kampani atandiika kachitsulo kozizira pachifuwa, anapukusa mutu n'kunena kuti mapapo angawa sangalimbane ndi fumbi la malasha. Ulendo wonse uja wochokera ku Dowa, nthawi ya Chitaganya, kudzangouzidwa kuti ndine bango. Ndinakhala pakhomo pa amalume kukomboni, kudya za eni, mpaka manyazi anayamba kundiwawa kuposa njala.

Amalume omwewo ndiwo anandipezera pogwira. Dzina lawo sinditchula, chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Khutu lakumanzere linadukira pakati, ndipo dzanja lamanja linali ndi zala zitatu zokha, zinazo inadya ngolo ya malasha. Mnzawo wina wophika ku kalabu ya azungu ndiye anawatsina khutu lotsalalo kuti kukubwera mzungu wa okushoni kuchokera ku Bulawayo, ndipo akufuna munthu wonyamula katundu wosachedwa kusweka.

"Kamwendo, pita," anatero amalume. "Manja akowa sanagwirepo kanthu, ndiye oyenera."

Mzunguyo tinamupatsa dzina loti Chinyundo, chifukwa cha kanyundo kamtengo kamene ankayenda nako m'thumba la jekete. Anali wonenepa, wofiira, thukuta kamukamu tsiku lonse. Anandiyang'ana zikhadabo, n'kundipatsa magolovesi oyera, basi ntchito ndalembedwa. Katundu wogulitsayo anali wa mzungu wina woyeza malo a mgodi. Dona wake anali atamwalira, iye n'kuganiza zogulitsa zonse abwerere kwawo. Mipando ndi mbale zinalipo, koma chimene chinakoka anthu kuchokera ku Bulawayo ndi ku Livingstone chinali zithunzi zimene donayo ankasonkhanitsa.

Nditatsegula bokosi loyamba ndi chitsulo chozulira misomali, ndinangoti kakasi. Mkazi maso onse awiri ali tsaya limodzi. Ng'ombe yobiriwira, miyendo ngati mitengo ya denga. China chinalibe munthu kapena nyama, mizere yokhayokha ndi madontho, ngati nkhuku yaponda penti. Ndinafunsa kalaliki wa Chinyundo, Mndebele wina wachikulire, ngati anajambula ndi mwana wa malemuwo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Usadzanenenso zimenezo pamaso pa ogula," anatero. "Izi ndiye zamakono, azungu amalimbirana."

Chinyundo anandiphunzitsa ntchito mwachidule. Chithunzi chopaka penti pansalu sukhudza kumaso kwake, umagwira felemu m'mbali ndi manja awiri, ndipo fumbi umachotsa ndi kaburashi kofewa. Cha galasi umapukuta ndi kansalu konyowetsa sipiriti, koma sipiritiyo umathira pakansalu, osati pagalasi, kuopa kuti ingayenderere kulowa m'kati. Poimika pakhoma, umayang'anitsa nkhope ndi nkhope, msana ndi msana, pakati n'kuika katoni. Tsiku logulitsa, bwana akatchula nambala, umanyamula chithunzi, kuchikweza kufika pachifuwa, kuima pansanja pang'ono, kenako kuyenda nacho pakati pa mipando mpaka kumapeto kwa holo, kutembenukira uku ndi uku kuti aliyense aone. Ndipo dzanja lako lisayerekeze kukwera m'mwamba ngakhale ntchentche ikutere pamphuno, chifukwa pa okushoni kukweza dzanja ndi kugula.

Panalinso zithunzi zina zapapepala zimene anati n'zodinda. Wojambula amasema chithunzi pathabwa kapena pa chikopa cholimba chonga choyala pansi m'khitchini mwa azungu, n'kupaka inki, n'kukanikizapo pepala. Akatero amatha kudinda china, n'chinanso. Chinyundo anandiloza timanambala tiwiri tolembedwa ndi pensulo m'munsi, tolekanitsidwa ndi kamzere. Yam'mwamba imanena kuti ichi n'chachingati, yam'munsi imanena kuti zonse zilipo zingati. Ndinangogwedeza mutu. Sindinadziwe kuti timanambala timeneto tidzandiumitsa pakamwa.

Tsiku logulitsalo linali Loweruka, mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako ku Wankie akudziwa kutentha kwake, phula limachita kumata nsapato. Mawindo onse a holo ya kalabu anatsegulidwa. Ife anthu akuda sitinkaloledwa kukhala m'kati kupatula antchito, koma panja pamawindo panadzaza amayi olera ana a azungu ndi ochapa, ambiri a kwathu ku Nyasalande, ena Ananambya a konko. Anabwera kudzaonerera, ena kuyembekeza kuti mwina mapoto otsala agwera kwa iwo. Pawindo lapakati panaima a Naphiri, akazi a amalume, mwana wa mzungu ali kumsana. A Naphiri ndawatchula mosaopa, poti a Naphiri ku Wankie anali ochuluka ngati malasha.

Zinayamba bwino. Chinyundo ankalankhula ngati mvula ya matalala, manja akukwera apa ndi apo, kanyundo gu, ine n'kuthamangira china. Ng'ombe yobiriwira ija anailimbirana azungu awiri mpaka wina anatuluka atakwiya. Ndinayamba kudzimva kuti ntchito ndaidziwa.

Chakumasana mwini katundu uja anabwera ndi phukusi lokulunga m'pepala lakhaki. Anati ndi zimene dona wake anasema yekha, usiku wonse amakayikakayika zozigulitsa, koma tsopano zipite. Izi sindinazipukute dzulo lake, sindinazione n'komwe. Kalaliki anadula chingwe, n'kundipatsira choyamba ndili kale pansanja. Ndinachikweza pachifuwa monga mwa lamulo, kenako ndinaweramitsa mutu kuti ndione ngati chaima bwino.

Apa ndilembe mosamala. Ine ndinagula njira ndili mnyamata kwathu, ndipo za kudambwe sizikambidwa pabwalo. Aliyense amadziwa kuti gule ndi chilombo, chimachokera kumanda, chilibe dzina la munthu, chilibe mkazi kapena ana. Ndi mmene timanenera, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ku Wankie tinali ndi dambwe lathu m'tchire kuseri kwa komboni, ndipo Mchewa akamwalira, zilombo zinkatuluka kudzamuperekeza ngati ali kumudzi.

Pachithunzipo panali chilombo chitakhala pamwala, nthenga ndi nsanza zili m'thupi monse. Nkhope yake chinali chitaikankhira pamwamba pamutu, ndipo pansi pake panali nkhope ina, ikumwa madzi m'chitini. Donayo anasema mwa zamakono zomwezo, zakuda ndi zoyera, masaya ngati odula ndi nkhwangwa. Koma khutu lodukira pakati analisema bwinobwino. Dzanja logwira chitinicho linali ndi zala zitatu.

Ndinakumbuka zimene anthu ankanena, kuti donayo ankakonda kuyenda m'tchire ndi magalasi oonera mbalame patali. Kani mbalame zake zinali zimenezi. Ndinadziwa pomwepo chimene chikubwera. Amayi aja akangoona, pofika madzulo komboni yonse idziwa. Akuluakulu akudambwe sakanamva zoti dona anaba ndi maso ali patali, akananena kuti amalume anakhalira dala mzungu, anagulitsa mwambo. Mlandu wotero sunkathera pa mbuzi. Munthu ankamenyedwa, kuchotsedwa, osayankhulidwa, ndipo akafa palibe chilombo chikanatuluka pamaliro ake. Amalume analibe munda ku Wankie, analibe mudzi. Ulemu wawo wonse unali umenewo. Nawonso amayi oona zosayenera kuona akanakhala ndi wawo mlandu.

Maganizo oyamba anali oti ndichigwetse, ndichiponde, andichotse ntchito zithe. Maso anatsikira m'munsi mwa pepala. Timanambala tija tinalipo, ndipo yam'munsi inati makumi atatu. Ndikanang'amba chimodzi, amalume akanatsalabe ambirimbiri kwina kumene sindikudziwa. Sindinaonepo ufiti woposa umenewo, munthu mmodzi kumuchulukitsa chotero iye osadziwa.

Ndiye ndinachita chimene manja anaganiza okha. Ndinagwira felemu ndi dzanja limodzi, linalo n'kuphimba nkhope ija ndi golovesi.

"Susa lo sandla," anatero Chinyundo m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, kutanthauza kuti ndichotse dzanja. Ananena motsitsa, akumwetulira ogula.

Sindinachotse. Azungu anayamba kuseka, wina anafuula kuti mnyamatayo akuopa chiwanda chake chomwe. Chinyundo anafiira kuposa kale, anabwerezanso, ulendo uno mano ali gwa. Kalaliki anabwera, n'kundigwira pamkono. "Mfana, usadziphe," anandinong'oneza. Anatsitsa dzanja langa n'kuliika pafelemu, kenako anandikankha pamsana kuti nditsike pansanja ndiyambe kuyenda.

Holo ija sinali yaitali, koma tsiku limenelo inatalika. Ndinayesa kupendeketsa chithunzi kuti chiyang'ane kukhoma kopanda mawindo. Dona wina wokhala mbali ya mawindo anandikodola kuti naye aone. Ndinatembenuka. Chithunzi chinayang'anana ndi windo lapakati, ndipo ine ndinayang'anana ndi a Naphiri.

Anaona. Zimenezo palibe angandiuze zina. Maso awo anatsika pachithunzi, anaima pa dzanja lija, n'kubwerera kwa ine. Anakhala ndi amalume zaka zambiri, chilonda cha zala zija anatsuka ndi iwowo. Ndinadikira kuti akuwe kapena agwire pakamwa, amayi enawo atsatire maso awo.

Iwo anangokonza nsalu yoberekera mwana, n'kutembenuka kupereka msana kuwindo.

"Amayi, dzuwa latipeza pano," anatero mokweza, mawu ali phee ngati akunena za mtengo wa tomato. "Ana a eniwa apsa. Tiyeni kumthunzi."

Windo limenelo linali mbali ya mthunzi. Koma amayi a kwathu onse anatembenuka nthawi imodzi, popanda wocheuka n'kamodzi komwe. Mtsikana wina Mnambya amene sanamve chimene chikuchitika anatsalira akusuzumira, mayi wina anamukoka pamkono mpaka anadzandira. Onse anapita kukakhala pansi pa mtengo wa tsanya, misana kuholo. Mawindo onse anatsala mbee. Ine ndinaima pakati pa azungu ndi chithunzi changa, misozi ikulengeza, osatha kuipukuta poopa kukweza dzanja.

Kanyundo kanagunda. Anagula mzungu wina wa ku Bulawayo, ndipo ndinakulunga ndekha, mapepala ambiri kuposa amene ankafunika, chingwe mfundo pamwamba pa mfundo. Chinyundo anandiitanira kuseri. "Ukadzaikanso dzanja pa katundu wanga, ukwera sitima," anatero. Sanandichotse, poti panalibe wina wodziwa kupukuta galasi, ndipo m'tsogolo mwake ndinayenda naye zaka zingapo m'matauni a m'njanji.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinawapeza amalume kuseri kwa nyumba akusoka nsapato ya kumgodi. Ndinagwada pafupi n'kuwauza zonse motsitsa mawu. Anasiya kusoka. Anayang'ana dzanja lawo lija nthawi yaitali, kulitembenuza uku ndi uku ngati la munthu wina. Sindinawaonepo akuchita mantha mpaka tsiku limenelo.

"Anaona ndani?" anafunsa.

Ndisanayankhe, a Naphiri anatulukira ndi beseni la zovala. Amalume anawayang'ana, osatha kufunsa, poti kufunsako kukanakhala kuvomera.

"Mwaswera bwanji kuntchito, Kamwendo?" anatero a Naphiri akuyanika malaya. "Ife tinachokapo msanga, kunatentha. Akuti kunali zithunzi za ng'ombe zobiriwira. Azungu ndalama zawasowetsa chochita."

Anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba. Amalume anapumira m'mwamba, n'kutolanso nsapato ija, koma singano inakana kulowa pabowo.

Masabata otsatira ndinkayenda makutu ali tcheru, kumpopi, kusitolo, kubhawa komwera mowa. Amayi a kukomboni, amene nkhani ya nkhuku yobedwa ankaifikitsa kusiteshoni ya Thomson Junction tiyi asanazizire, pa iyi sanatsegule pakamwa. Palibe mkulu wakudambwe anaitana amalume.

Pantchito ndinatengapo lamulo limene sindinaliphwanyepo: phukusi lililonse ndiyambe ndalitsegula ndekha kuseri ndisanakwere nalo pansanja. Koma chachikulu ndinachiphunzira pawindo paja. Ndinakula ndikudzitama kuti mwambo timausunga ndife amuna, ndi malumbiro athu ndi zikwapu zathu, amayi sadziwa kanthu. Kani iwo ndiwo anausenza mbali yolemera, kudziwa n'kukhala ngati sadziwa, moyo wonse.

Mvula itayamba, kunagwa maliro a mkulu wina wa ku Dedza. Ng'oma zinalira, amayi anaima mbali yawo akuimba ndi kuwomba m'manja. Chilombo china chachifupi chinatuluka m'tchire, nthenga zili yangayanga, fumbi kobo, n'kuthamangira kumene kunali amayi chitatambasula dzanja lamanja. A Naphiri anali kutsogolo. Anakuwa, n'kutaya mpango, n'kuthawa kuposa atsikana, mpaka kukabisala kuseri kwa chimbudzi cha komboni. Atabwerako akupuma wefuwefu, anandipeza nditaima pambali.

"Chilombo chimenechi n'choopsa, mwanangu," anatero. "Kaya chimachokera kuti."