Ndinkasangalala Pamene Mkazi Wanga Ankawonda

Ndikuvomera poyera: ndinamana chakudya mkazi wanga akudwala khansa, ndikuyesa kuti ndikumuthandiza. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, m'kalasi ya akuluakulu kuno ku Lichinga. Nditangodziwa malembo ndinasanduka dotolo wa pakhomo. Tsiku lina ndinawerenga chikwangwani cha kuchipatala chakuti kunenepa kumabweretsa shuga ndi matenda a mtima. Amake Juliyeta, mkazi wanga, anali wathupi lake. Basi, ndinakhazikitsa lamulo: mafuta ayi, mbatatesi zokazinga ayi, mbale yaing'ono. Mafutawo ndinkachita kutsekera m'sutikesi.

Anayambadi kuwonda. Mlungu uliwonse ndinkamuimika pa sikelo yoyezera nyemba, kilo ikatsika ine n'kumanyadira. Ankatsegula m'mimba pafupipafupi, nkhope n'kumamutentha ngakhale m'chisanu cha Juni. Ine ndinkati ndi mafuta akusungunuka. Taonani uchitsiru! Anzake a m'dera la Assumane nawonso, m'malo modabwa, ankangoti wabwerera utsikana.

Atakomoka kumunda m'pamene tinapita kuchipatala, ndipo anatitumiza ku Nampula. Kumeneko anapeza chotupa m'matumbo, khansa yotchedwa nyuroendokirini, yomwe imakula pang'onopang'ono mwakabisira. Inali itafika kale kuchiwindi. Ine, wosamva manyazi, ndinayamba kufotokoza momwe ndinamuchepetsera thupi. Dotolo anaika cholembera pansi. Anati kuwondako kunali matenda, osati nzeru zanga. Anatinso pa khansa imeneyi aona kuti odwala okhala ndi thupi nthawi zambiri amapirira nthawi yotalikirapo kuposa owonda, ngakhale chifukwa chake sichikudziwika bwino. Thupi lomwe likanamuthandiza kulimbana ndi matenda, ine ndinathandiza kuligwetsa.

Tili panja, mkazi wanga anandifunsa motsitsa mawu: “Abambo, ndiye tsopano mundilola kudya?” Ndinathamanga kukagula nkhuku yokazinga. Analuma kawiri, n'kukankha mbale. Anakhala miyezi isanu yokha.

Inu owerenga, musandimve molakwa. Sindikuti kunenepa ndi mankhwala, dotolo sanatero. Chikwangwani chija sichinaname, koma chinalembedwera anthu abwinobwino, osati munthu amene akudyeka m'kati. Wanu akayamba kuwonda, n'kumatsegula m'mimba mosaleka, musamuombere m'manja, ndipo musamulandenso mbale chifukwa mwawerenga mizere iwiri. Pitani naye akamuyeze akadali ndi mphamvu zoyenda yekha. Wanga ndinachita kumubereka kumsana, ndipo sanandilemere n'komwe.