Sitima Zimene Zinayendetsa Amalume Wapansi

Ululu unayamba Lolemba, pafupi ndi mchombo. Sindinauze munthu. Lachisanu ndinayenera kuyankhula pamaso pa kalasi yonse za nkhondo yoyamba ya dziko lonse: momwe sitima zankhondo za Ajeremani zinaombera matauni a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangalande, n'kupha anthu wamba ndi ana, komanso momwe boma linatsekera njira zapanyanja kuti chakudya chisafike kwa adaniwo, mpaka ana a ku Jeremani anavutika ndi njala. Ine ndimachita manyazi ngakhale aphunzitsi akangoitana dzina langa, choncho ndinalemba m'dayale kuti ululuwo ndi mantha chabe. Ndinkaopanso kuti anzanga anena kuti ndikuzemba.

Lachitatu ululu unasamukira kumunsi, chakumanja. Ndinasanza, thupi linatentha, ndinkayenda chowerama. Amayi atandiona pamasitepe sanafunse zambiri, anaitana takisi.

Kuchipatala tinadikira nthawi yaitali pamipando youma. Ananditenga magazi, anandidina pamimba. Dokotala anati apendikisi, kathumbo kakang'ono ka m'mimba, yatupa, ichotsedwe isanaphulike. Namwino, mayi wa ku Chipata, anati, "Osadya, osamwa, mwana wanga. Olo madzi." Pamenepo ndinawamvera chisoni ana a ku Jeremani aja.

Za opaleshoni sindikumbuka kanthu. Akuti nditatsitsimuka, mankhwala akadali m'mutu, ndinalengeza m'Chichewa, mokweza kuposa kale lonse: "Sitima zikuombera anthu. Boma latseka njira zonse." Amayi sankadziwa za phunziro langalo. Anaganiza kuti ndamva pa TV ya m'wodi, ndipo anathamangira panja kukaimbira amalume kuti pobwera asakwere sitima iliyonse.

Amalume anayenda wapansi kuchokera ku Woolwich mpaka kuchipatala ku Lewisham, nthochi zili m'manja. M'njira ankadabwa kuona sitima zapamtunda zikudutsa bwinobwino, anthu m'katimo akuseweretsa mafoni osadziwa ngozi. Atafika, namwino anayamba waona matuza a kumapazi kwawo, ine pambuyo.

Tsopano chilonda chapola, ndikudya, kungoti ndikaseka pamakoka. Aphunzitsi sanandikhululukire, angosuntha tsiku. Amalume akuti ndikayesezere kaye kwa iwo, amve bwino nkhondo imene anaiyendera.

Dokotala anati ndikanachedwa pang'ono apendikisi ija ikanaphulika. Anzanga amanyazi, m'mimba mukamapweteka malo amodzi osasiya, uzani wamkulu tsiku lomwelo, mutu uli bwinobwino. Mukakhala chete mudzayankhulabe, koma simudzasankha mawu ake.