Mapazi a m'Foni ya Abiti Shafi

Si zoona zimene munamva pa mjigo zija, zoti Abiti Shafi a pa Mponda amajambula maliro a eni ake n'kumagulitsa zithunzizo ku Joni. Bodza lenileni. Amene anakuuzaniyo mukamufunse ngati anaonapo nkhope ya mtembo m'mavidiyomo. Sanaione. Anaona mapazi basi, ndipo mapazi a pa Mponda pano ndi amodzimodzi, ming'alu yake yoti mutha kudzalamo mpunga.

Abiti Shafi ndi mayi wosambitsa maliro a akazi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ali ndi mwana mmodzi kumbuyo, ndipo aigwira zaka makumi atatu. Sayankhulayankhula. Lamulo la ntchitoyo ndi limodzi: zimene wosambitsa waona pansi pa nsalu zimathera pansi pa nsalu pomwepo. Alipo amene anayesapo kuwakanda, amvekere, kodi n'zoona malemu aja anali ndi zipsera za ndodo ya mwamuna? Iwo amangomuyang'ana wofunsayo ngati akuyang'ana khoma lofunika kuzira.

Amuna awo, Che Jaffalie, amagulitsa zitenje pakati pa malire a Chiponde ndi pa boma, ndipo ali ndi mitala. Mkazi wamng'ono, Abiti Iddi, anamutenga kutsidya kwa malire n'kumumangira nyumba kumapeto kwa mudzi. Zaka zonsezi akazi awiriwa sanapemphanepo ngakhale moto.

Abiti Iddi anali ndi mwana mmodzi yekha, Subira. Mtsikanayo anapita ku Joni monga amapitira onse, nakapeza ganyu pa famu ya malalanje, kutali ndi mzikiti uliwonse. Anadwala masiku anayi n'kumwalira. Zobweretsa thupi kumudzi sizinatheke. Anzake amene ankagona naye chipinda chimodzi anali atsikana okhaokha, ochoka kuno asanalowepo m'nyumba yosambitsira maliro. Anaimbira Abiti Shafi kuti awalangize, koma netiweki inaduka mawu ali pakati. Anachita zimene anatha. Patapita sabata mmodzi wa iwo anaulula kuti posambitsa anayambira kumanzere m'malo mwa kumanja, ndipo sanda, nsalu yoyera yokulungira ija, anaidula zidutswa zitatu ngati ya mwamuna m'malo mwa zisanu.

Abiti Iddi sanalire. Pa sadaka ya masiku makumi anayi anthu anamupeza kuseri akutsuka mbale zotsuka kale.

 Abiti Shafi anangotsegula gulupu pa Watsapu, n'kuyamba kutumiza mawu: madzi akhale ofunda chonchi, yambani kumanja, nsalu isachoke pathupi. Atsikana a ku Joni analowa khumi, kenako makumi anayi. Koma mawu okha sanakwane. Tsiku ndi tsiku funso linali lomwelo: timutembenuza bwanji munthu nsalu osagwa? Tionetseni.

Anayesa thunthu la nthochi. Nthochi ilibe mikono. Anayesa thumba la gaga, linamwa madzi n'kuyamba kununkha. Anakapempha chidole chovekera madiresi pa shopu ina pa boma, mwini shopu atamva ntchito yake anawaperekeza mpaka pa msewu.

Ndiye Lachiwiri lina m'mawa, Che Jaffalie atakwera minibasi ya ku Chiponde, pakhomo panamveka odi. Anali Abiti Iddi.

"Bambo kulibe kuno," anatero Abiti Shafi. "Sabata ino ndi yanu."

"Sindikufuna bambo. Ndamva mukusambitsa nthochi."

"Inavunda."

"Sambitsani ine."

Abiti Shafi anaika pansi lichero. "Mwazungulira mutu? Munthu wamoyo kugona pogona maliro? Mukudziitanira imfa."

"Ikamva ibwere." Abiti Iddi anavula masilipasi n'kulowa osauzidwa. "Koma achemwali, pakamwa panu ndimapadziwa, n'chifukwa chake ndabwera. Bambo akamva ndi talaka, ukwati kutha tsiku lomwelo. Ndipo kwathu kutsidya kulibe ngakhale mtengo wa mango wondikumbuka."

"Za pansi pa nsalu zimathera pansi pa nsalu," anatero Abiti Shafi.

Inu amene mukuwerenga, Che Jaffalie sawerenga china kupatula mapepala a pa kasitomu pa malire paja. Musakawawerengere.

Sukulu inayamba choncho. Foni ankaimangirira ku mpando ndi mphira wa chubu cha njinga. Abiti Iddi ankagona pa mphasa atavala diresi lakale, atafundidwa nsalu kuyambira kumutu mpaka mu akakolo. Abiti Shafi ankathira madzi, kutembenuza, kufotokoza ndi mawu awo osakwera osatsika aja. Vidiyo iliyonse inali yaifupi, poti bandulo ya wantchito wa pa famu sichedwa kutha. Phunziro la madzi ndi sopo palokha. La kutawazitsa, kumuyeretsa munthu ngati wokapemphera, palokha. La kutembenuza analibwereza katatu chifukwa nkhuku inkadutsa.

Mwa akazi onse amene Abiti Shafi anawasambitsapo, palibe anagona duu ngati ameneyu. Madzi akazizira sankanjenjemera. Ntchentche ikatera pa chala sankaigwedeza. Tsiku lina Abiti Shafi anazimitsa foni n'kuika khutu pa nsalu kuti amve ngati akupuma.

"Pitirizani," anatero mawu pansi pa nsalu. "Kumanja kaye."

Akamaliza, Abiti Iddi ankadzuka, kusintha diresi, kufinya lonyowalo, n'kumapita kwawo osatsanzika.

Gulupu inadzaza. Anatsegula yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ophunzira anali ku Joni, ku Lichinga, ku Zomba, ena ogwira ntchito za m'nyumba ku maiko a Aluya, oti amamvera phunziro atatsekera m'bafa kuopa abwana. Wotha ankatumiza timayunitsi, wosatha ankaphunzira chimodzimodzi. Mayeso analiponso. Wophunzira ankadula nyuzipepala zidutswa zisanu monga sanda ya mkazi n'kutumiza chithunzi, kenako n'kutchula ndondomeko yonse ndi pakamwa. Aphunzitsi mayankho awo anali awiri okha: "Mwakhoza," kapena "Bwerezani." Satifiketi kunalibe. Wina atafunsa za satifiketi anamuyankha kuti womwalira safunsa mapepala.

Tsiku lina mtsikana wina anatumiza mawu akulira, kuti dzulo tinasambitsa mnzathu, foni tinaiika pa zenera, tinatsatira zonse, sitinaphonye. Abiti Shafi anamvera mpaka kumapeto, anati Alhamdulillahi, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Chinawononga zinthu ndi kunyada. Wophunzira wina wa konkuno anatumizira mayi ake vidiyo kuti aone kuti ku Joni sakungodya nkhuku, akuphunziranso za chipembedzo. Mayiwo anaonetsa anzawo pa mjigo. Mwezi womwewo kunali kutamwalira gogo wa kwa Che Atumani, ndipo amene anamusambitsa ndi Abiti Shafi. Mwana wa malemuyo atangoona mapazi aja anagwira kumutu. "Amayi anga awa! Ming'alu iyi ndimaidziwa!" Pofika madzulo mabanja ena atatu anali atazindikiranso mapazi omwewo kuti ndi a malemu awo.

Lachisanu, itatha swala, pemphero la masana, amayi anakhala kuseri kwa mzikiti. Wotsogolera anali Abiti Sadiki, mkulu wa amayi, munthu woti akakhosomola ana amasiya mpira. Abiti Iddi analipo, kumapeto kwa mkeka, mapazi atawapinda m'chitenje.

"Abiti Shafi, ife timakupatsani amayi athu ali maliseche," anatero Abiti Sadiki. "Mapazi awa ndi a ndani?"

"Si a maliro."

"Ndiye ndi a ndani?"



"Kapena ndi a jini?" wina anaponya kumbuyo, ena n'kuseka pang'ono.

"Munthu wamoyo wake uti angagone chonchija?" anatero mwana wa malemu uja. "Taonani, ntchentche ikuyenda pa chala, osagwedeza! Wamoyo ameneyo?"

Abiti Sadiki anakweza dzanja. "Tchulani dzina, nkhani ithere pano. Mukapanda kutchula, simudzakhudzanso maliro a pa Mponda." Kenako anatembenukira kumapeto kwa mkeka. "Inu Abiti Iddi, mwamuna wanu ndi mmodzi. Mkazi mnzanuyu angachite zoterezi?"

Abiti Iddi anali akuyang'ana nyerere itanyamula njere ya mpunga. "Ine ndi iwo sitipemphana moto," anatero.

Sananame. Moto sanapemphanepo.

Abiti Shafi anadikira kuti mwina mumtima muchita kuwawa, kapena kutentha, koma munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Dzina linali pa lilime, lalifupi, losavuta kutchula. Anaganiza za minibasi ya ku Chiponde, mayi atakhala kumbuyo ndi kathumba kamodzi, akupita kumene kulibe womudziwa.

"Ndamva," anatero. Anadzuka, anafunafuna masilipasi awo pa mulu wa masilipasi, anapeza imodzi yawo ndi ina yofanana nayo, n'kumapita.

Patatha masabata awiri kunamwalira mayi wina kufupi ndi msika. Abiti Shafi atamva kulira anatereka madzi, anatulutsa ndowa, sopo ndi thonje, monga mwa masiku onse. Anakhala pa khonde kudikira woitana. Madzi anafunda, anawira, anazizira. Jeneza, chonyamulira maliro chija, inadutsa pa msewu dzuwa litapendeka. Iwo anatenga madziwo n'kuthirira tomato.

Amene anasambitsa malirowo ndi amayi awiri a gulu la Abiti Sadiki. Akuti anagwira bwino ntchito, anthu mpaka kudabwa kuti anaphunzira liti. Mmodzi wa iwo ali mu gulupu yachinayi, analowa ndi nambala ya mwamuna wake. Mayeso a nyuzipepala anabwereza kawiri.

Lachiwiri lotsatira, minibasi ya Che Jaffalie itangonyamuka, pakhomo panamvekanso odi.

"Mwabweranso?"

"La tsitsi simunajambule. Subira sanamuluke n'komwe."

 Abiti Shafi analowa kuchipinda, anatuluka ndi masokosi akale a Che Jaffalie, n'kumuponyera.

"Valani awa."

Abiti Iddi anavala, anagona pa mphasa, anadzifunda yekha nsalu. Abiti Shafi anamangirira foni ku mpando, anayesa madzi ndi chigongono, n'kuyamba kuuza akazi mazana angapo amene sanawaonepo nkhope kuti tsitsi la mkazi limagawidwa patatu.

Abiti Shafi sanajambulepo mtembo ngakhale umodzi, ndipo pa Mponda sakusambitsanso ngakhale umodzi.