Makalata a ku Joni anasowa mwini

Loweruka lapitali tinali kwa Chisepo, kugawa katundu wa malemu bambo anga aakulu. Mukudziwa mmene zimakhalira. Njinga inapeza mwini msangamsanga, jekete anthu anachita kulimbirana. Ngakhale khasu loguluka linapita.

Chinatsala ndi chitini chadzimbiri, chodzaza ndi makalata amene malemuwo ankalembera akazi awo ali kumigodi ya ku Joni. Wina anangoti, "Izi zipite kudzala, zikapse pamodzi ndi mphasa."

Mdzukulu wawo Tadala, amene amagwira ntchito ku laibulale ina ku Lilongwe, anachita kuchilanda chitinicho, n'kukagwada pamaso pa namfedwa.

"Agogo, ndiloleni ndipite nawo. Kuntchito kwathu kuli chipinda chosungiramo mapepala akale. Kulibe chiswe, denga silidontha."

Ine ndinali mbali ya Tadala, ndisabise. Chipinda chotere ndinalowamo kale. Muli makalata a azungu a mishoni, osungidwa bwino m'makatoni. Mukhoza kudziwa mwezi umene mzungu anadwala malungo. Koma funsani zimene mlimi wa kwa Kasakula ankaganiza chaka cha njala, mupeza kuli zii.

Kodi anthu athu sankalemba? Ankalemba ndithu. Otentha ndife. Pamaliro timagawana zovala ndi ziwiya, koma pepala palibe amaliwerengera ngati katundu. Likapulumuka pamoto limakathera kopichira fodya. Kenako tomwefe tizidandaula kuti mbiri yathu anatilembera ndi alendo. Zimandipweteka kwabasi.

Koma namfedwa, mayi anga aakulu, anali ndi maganizo ena. Iwo sukulu sanapiteko. Kalata ikafika ankapita nayo kwa aphunzitsi, n'kukhala pansi kumvetsera. Amuna awo atabwerako ku Joni, ndiwo ankatsegula chitinicho nthawi zina n'kumawawerengera, uku akudziseka okha ndi zimene analemba ali mnyamata. Owerengawo ndi amene tawaika m'manda.

"Kumeneko aziwerenga ndani?" anafunsa.

"Ophunzira, agogo, ndi ofufuza mbiri."

"Mokweza?"

Tadala anayang'ana pansi. "Ayi, agogo. Mulaibulale salola phokoso. Aliyense amawerenga chamumtima."

"Ndiye kuti ukawaika m'manda kachiwiri."



Sabata yonseyi nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu. Tadala sakulakwa: nyumba ija imadontha, ndipo mvula ili pafupi. Mayi aakulu nawonso sakulakwa. Kwa iwo kalata si pepala ayi, ndi munthu akulankhula. Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma akomera ndani ngati palibe wowamva? Inu osunga zakale, mudzabwera liti kumudzi kuno kudzatiwerengera zimene mumasungazo? Nanga ife, tidzasiya liti kukupatsani phulusa?

Pomaliza namfedwa anagamula okha. Chitini chipite ku Lilongwe, koma Tadala ayambe wawawerengera kalata iliyonse, osadumphako. Mtsikanayo anaimba foni kuntchito kupempha masiku.

Pamene ndimatsanzika, ndinawasiya awiriwo pakhonde. Tadala anali atafunyulula kalata yoyamba, yofiirira ndi ukale, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono: "Wokondedwa Nabanda, ndafika bwino. Koma kuno kukuzizira koopsa."

Mayi aakulu anapukusa mutu, maso ali kumsewu.

"Ndinakuuzani ine kuti mutenge bulangete."