Choko pa Shafti ya Chigayo

Zaka zija pamene zitsulo zatsopano zamakina zinkasowa m'masitolo, ife okonza makina kumgodi wa ku Kabwe tinkangokhalira kutsuka zakale. Ine manja anga ankanunkha parafini ngakhale m'tchalitchi.

Mlongo wanga wamkulu anali ndi chigayo ku Katondo, chimene malemu alamu anamusiyira. N'chimene chinkadyetsa ana ake. Chitayamba kunjenjemera, ananditumizira mawu kuti ndikachione Loweruka.

Ndinamasula zonse n'kuziyala pathumba. Girisi wake anali ataumbana ndi ufa, wakuda bii. Mabelingi, mphete zachitsulo zofewetsa kuzungulira kwa makina, ndinawatsuka m'beseni, ndikuwazunguza pachala kuti ndimve ngati akukhwekhwereza, koma anali bwino. Shafti, chitsulo chachitali chozunguza nyundo zogayira, itayera inawala ngati supuni yatsopano. Mlongo wanga anamwetulira n'kupita kukatereka tiyi. Ine sindinasekerere, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuntchito tinali ndi kachitidwe kathu. Chitsulo unkachiviika m'parafini, kuchipukuta mpaka chiume, kuchipaka choko chosungunula, kenako kuchigogoda pang'ono n'kudikira. Ngati pali mng'alu, parafini wobisalamo amatuluka n'kudetsa choko. Ndinachita zomwezo ndi shafti ija. Ine ndi mlongo wanga tinamwa tiyi tikudikira, iye akundiseka kuti ndikudzoza chitsulo ngati namwali. Nditabwererako ndinapeza kamzere kakuda, kowonda ngati tsitsi, katazungulira pafupi ndi pomwe pamadutsa lamba wochokera ku injini. Mtima unandiwawa.

Ndinamufotokozera kuti shafti yotere imathyoka ikuthamanga, ndipo ina sitingaipeze msanga. Panja amayi odzagayitsa anali atandanditsa kale malichero ndi matumba a chimanga.

"Achimwene, pukutani chabe," anatero mlongo wanga motsitsa mawu. "Nindani azaona? Bana bazadya chani?"

Ndinamufunsa kuti pogaya iye amaima pati. Anayang'ana pansi pambali pa lamba, pomwe simenti inali itakumbika ndi mapazi ake. Kumbuyo kwake kunali benchi limene amayi oyamwitsa ankakhalapo podikira ufa.

Kenako anatambasula dzanja. Ndinayesa akufuna sanza yopukutira, koma anatola choko chimene chinatsala. Anatuluka, nalemba pachitseko kuti chigayo chatsekedwa, ndipo anayamba kusenzetsa amayi aja matumba awo.